Ndege Yoposa Zinzake pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse: Spitfire, Hurricane, Messerschmitt, Zero, Mustang Kapena Il-2?

Anthu okonda mbiri ya ndege zankhondo akakumana awiri, mkangano sulephera. Wina amaumirira Spitfire, wina Mustang, ndipo pakapezeka wachitatu amaponyapo dzina la Messerschmitt kuti moto uyake bwino. Ine nkhani imeneyi inandilowa m'magazi kalekale. Ndawerenga za ndegezi kwa zaka zambiri, ndipo zina ndinakaziona ndi maso ku nyumba yosungirako zida zakale zankhondo ya ku Saxonwold, mumzinda wa Johannesburg. Ukaima pafupi nazo umadabwa kuchepa kwake. Pokhala woyendetsa m'pothina kuposa mpando wakumbuyo wa minibasi, ndipo ambiri amene ankakhalapo anali anyamata a zaka 20 kapena kupitirira pang'ono.

Funso lakuti yabwino koposa inali iti limayankhika mukadziwa kaye amene akufunsa. Woyendetsa amafuna ndege yoti imubweze kwawo wamoyo. Makaniko amafuna yoti akaigwira madzulo, m'mawa iuluke. Msilikali wobisala m'ngalande amafuna yobwera msanga akaitana, yomenya pamene pali mdani osati pamene pali iyeyo. Mkulu wankhondo amafuna yofika kutali, yosadula, yopangika yambiri. Anthu anayi amenewa sangaloze ndege imodzi, choncho poyerekeza ndiziwafunsa onse.

Chinthu china choti tigwirizane tisanayambe ndi ichi. Ndege zonsezi zinali za injini imodzi yozunguza pulopela kumphuno, ndipo mphamvu ya injiniyo inali ndi malire: mahosipawa pafupifupi 1,000 nkhondo ikuyamba, kuyandikira 2,000 kwa zina ikutha. Wopanga ndege ankagawa mphamvu imeneyo ngati mayi wogawa nsima yochepa kwa ana ambiri. Akaika chitsulo chochindikala kumsana kwa woyendetsa, ndege inkalemera n'kumachedwa kukwera. Akawonjezera mafuta kuti ifike kutali, inkakhota mwaulesi. Akachulutsa mfuti, mapiko ankanenepa, liwiro n'kutsika. Palibe amene anakhutitsa ana onse. Kuyerekeza ndegezi ndiye kuona kuti wopanga aliyense anamana mwana uti.

Hurricane ndi Spitfire, ana a bere limodzi

Ziwirizi zinayamba ndi injini imodzi, ya Rolls-Royce Merlin, ndi mfuti 8 za Browning m'mapiko. Kufanana kunathera pomwepo.

Hurricane inapangidwa ndi Sydney Camm wa kampani ya Hawker, ndipo inauluka koyamba pa 6 Novembala 1935. Camm anatsata mamangidwe akale amene amisiri ake ankawadziwa: mafupa a mapaipi achitsulo, timatabwa toumba thupi, n'kukuta mbali yakumbuyo ndi nsalu yopakidwa mankhwala oumitsa. Spitfire ya R. J. Mitchell wa ku Supermarine inauluka pa 5 Malichi 1936, thupi lonse la aluminiyamu, phiko lopyapyala looneka ngati tsamba. Mitchell sanaone ntchito ya manja ake ili pankhondo, chifukwa anamwalira ndi khansa mu Juni 1937 ali ndi zaka 42.

Pa liwiro panalibe mkangano. Spitfire yoyamba inkaposa makilomita 570 pa ola, Hurricane inkathera cha m'ma 520. Pa maonekedwe, Spitfire ndi namzeze, Hurricane ndi nkhunda yonenepa. Koma akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo Hurricane nyimbo inkaidziwa. Pa nkhondo yamumlengalenga yolimbirana Britain, kuyambira Julayi mpaka Okutobala 1940, magulu a Hurricane anali ambiri kuposa a Spitfire, ndipo ndi Hurricane imene inagwetsa ndege za Ajeremani zoposa theka mwa zonse zimene zinagwa. Mfuti zake zinali pamodzi, zinayi phiko ili zinayi phiko ilo, ndipo ndegeyo sinkagwedezeka powombera, choncho zipolopolo zinkaunjikana malo amodzi pa ndege yoponya mabomba. Mawilo ake anali otalikirana, moti mnyamata wotopa kapena wovulala ankatha kutera pabwalo la udzu lokumbikakumbika osagudubuzika.

Makaniko ndiye ankaikonda zedi. Chipolopolo chikaboola nsalu, ankadula chigamba, kumata, kupaka mankhwala, ndege n'kubwerera kuntchito. Nthawi zina chipolopolo cha mzinga chinkangodutsa nsaluyo osaphulika. Spitfire ikabooka pankafunika mmisiri wa malata wodziwa ntchito, ndipo kuipanga kumene kunkadya maola ambiri chifukwa cha phiko lokhotakhota lija.

Chilema cha Hurricane chinali choopsa. Thanki ina ya mafuta inali kutsogolo kwenikweni kwa woyendetsa, ndipo ikayaka, moto unkalowa m'kachipinda kake ngati wa m'ng'anjo. Anyamata ambiri anapsa nkhope ndi manja asanathe kutsegula chotsekera n'kudumpha. Dokotala Archibald McIndoe wa ku New Zealand anathera zaka za nkhondo ku East Grinstead akuumbanso nkhope zoterozo. Ndikamatamanda Hurricane sindiiwala anyamata amenewo.

Pamene Spitfire inapambanira m'bale wakeyo ndi pakukula. Phiko lonenepa la Hurricane silikanalola liwiro lalikulu ngakhale mutaika injini yamphamvu bwanji, moti pofika 1941 inali itatsalira pa kulimbana ndi ndege zinzake. Spitfire inkangolandira injini yatsopano n'kukhalanso yatsopano. Ajeremani atatulutsa Focke-Wulf 190 mu 1941 n'kuyamba kuzunza Spitfire ya mtundu wa Mk V, Angerezi anayankha ndi Mk IX mu 1942. Pofika 1944, Mk XIV ya injini ya Griffon inkafika makilomita pafupifupi 720 pa ola ndipo inkathamangitsa mabomba ouluka okha a V-1. Anapanga ma Spitfire oposa 20,300, ma Hurricane pafupifupi 14,500. Mmodzi mwa akatswiri ake anali Adolph Malan, wodziwika kuti Sailor, wa ku South Africa, amene anatsogolera gulu la 74 Squadron mu 1940, ndipo nkhondo itatha anatsogolera asilikali akale a Torch Commando potsutsa malamulo a tsankho a boma la National Party.

Koma Spitfire inali ya miyendo yaifupi. Anaipanga kuti izinyamuka, kukwera msanga, kumenya mdani pamwamba pa mudzi wake n'kubwerera. Ulendo wopita pakati pa Germany sunali wake.

Messerschmitt Bf 109

Palibe ndege yolimbana ndi zinzake imene inapangidwa yambiri ngati iyi: pafupifupi 34,000. Willy Messerschmitt anatenga injini yaikulu n'kuiveka thupi laling'ono ndi lopepuka mmene akanathera. Yoyamba inauluka mu 1935, ndipo chodabwitsa n'chakuti inali ndi injini ya ku Britain, ya Rolls-Royce Kestrel, chifukwa ya Ajeremani inali isanakonzeke. Pofika 1937 inali kale pankhondo ya ku Spain, kumene Werner Mölders ndi anzake anaphunzira kuuluka awiriawiri motalikirana, wina akumenya wina akulondera kumbuyo. Angerezi anadzatengera njira imeneyi ataluza anthu ambiri.

Mu 1940 inali ndi zinthu ziwiri zimene Spitfire inalibe. Choyamba, mizinga ya mamilimita 20 yoponya zipolopolo zophulika. Chachiwiri, injini ya Daimler-Benz imene inkalandira mafuta kudzera m'ma injekita. Merlin inali ndi kabyuleta, ndipo woyendetsa akagwetsa mphuno mwadzidzidzi injini inkatsokomola n'kuzima kwa kamphindi. Mjeremani akaona Spitfire kumchira ankangokankha ndodo n'kutsika chamutu, womuthamangitsa n'kutsala akutsokomola. Vutoli anadzalichepetsa mu 1941 ndi mayi wina injiniya, Beatrice Shilling, pogwiritsa ntchito kachitsulo kabowo koletsa mafuta kusefukira.

Makaniko ankaikonda pa chifukwa chakuti miyendo yake inamangiriridwa kuthupi, moti ankatha kuchotsa mapiko ndege ili chiimire n'kuikweza pasitima. Koma nzeru yomweyo inachititsa kuti mawilo akhale moyandikana, ndipo ndege zambirimbiri zinawonongeka ponyamuka ndi potera popanda mdani aliyense. Mafuta nawo anali ochepa. Ikanyamuka ku France, pamwamba pa London inkangokhala mphindi 10 kapena kuposerapo pang'ono, kenako kanyali kofiira n'kuyaka.

Okonda ndegeyi amatchula Erich Hartmann amene analembedwa kuti anagwetsa ndege 352, nambala imene palibe wa dziko lina anaiyandikira. Manambala oterowo akunena zambiri za kayendetsedwe ka nkhondo kuposa za ndegeyo. Amereka ndi Angerezi ankabweza akatswiri awo kwawo kuti akaphunzitse ena, pamene Mjeremani ankauluka mpaka atafa kapena kulumala. Pofika 1944 Bf 109 inali italemedwa ndi mfuti zowonjezera, mafuta akusowa, ndipo ankaipereka kwa ana ongophunzira maola ochepa. Palinso ichi chimene sindingachidumphe: m'zaka zomalizazo zigawo zambiri za ndegeyi zinkapangidwa ndi akaidi a m'misasa yozunzirako anthu ya Flossenbürg ndi Gusen, ndipo ambiri anafera pantchitoyo.

Zero, chikomekome cha mkuyu

Asilikali apamadzi a Japan anauza Jiro Horikoshi wa ku Mitsubishi kuti apange ndege yofika kutali kwambiri, yokhota kuposa iliyonse, yokhala ndi mizinga, koma injini imene inalipo sinkafika ngakhale mahosipawa 1,000. Horikoshi anachotsa chilichonse cholemera. Anaboola mabowo m'mafupa a ndege kuti apungule magalamu. Sanaike chitsulo choteteza woyendetsa, ndipo matanki a mafuta analibe mphira wotseka bowo chipolopolo chikadutsa.

Zotsatira zake poyamba zinali zoopsa kwa adani. Pa 8 Disembala 1941 ma Zero ananyamuka ku Taiwan, kuwoloka nyanja makilomita oposa 800, kukamenya mabwalo a Amereka ku Philippines n'kubwerera, moti Amereka ankaganiza kuti pali sitima yonyamula ndege pafupi. Mu 1942 ankayenda kuchokera ku Rabaul mpaka Guadalcanal, pazilumba za m'nyanja ya Pacific, makilomita oposa 1,000 ulendo wopita wokha. Palibe ndege ya ku Ulaya ya injini imodzi yolimbana ndi zinzake ya nthawi imeneyo ikanayerekeza. Woyendetsa Hurricane kapena Spitfire amene anayesa kuzungulirana nayo pa liwiro lochepa nthawi zambiri sankabwerako.

Koma m'kati munali nyerere. Zipolopolo zowerengeka zinkakwana kuiyatsa ngati udzu wa mu Okutobala. Pa liwiro lalikulu ndodo yake inkauma, ndipo sinkatha kutsatira mdani wotsika chamutu. Amereka atatola Zero yosawonongeka kwenikweni pachilumba cha Akutan mu 1942, anaikonza, kuiulutsa n'kutsimikiza zofooka zonsezi. Malangizo anakhala achidule: usazungulirane nayo, bwera kuchokera pamwamba, wombera, pitirira. John Thach, woyendetsa ndege wa asilikali apamadzi a Amereka, anapezanso njira yoti ndege ziwiri zizilukanalukana, yothamangitsidwa izikokera mdani kutsogolo kwa mfuti za inzake. Ndege ya Amereka ya Hellcat, ya mahosipawa 2,000, itafika mu 1943, nthawi ya Zero inatha. Japan inapanga ma Zero oposa 10,000, koma akatswiri amene anapsera m'ndegezo sinathe kuwabweza, ndipo kuyambira Okutobala 1944 inayamba kutuma anyamata kukadziwombetsa nazo pa sitima.

Kwa woyendetsa wofuna kubwerera kwawo, iyi ndi yomalizira pamndandanda wanga.

Mustang

Mbiri yake inayamba ngati mwangozi. Mu 1940 Angerezi anapempha kampani ya North American kuti iziwapangira ndege ya Curtiss P-40. Kampaniyo inati ikhoza kupanga yabwino kuposa imeneyo, ndipo patatha masiku 102 chisainireni pangano, thupi la ndege yatsopano linatuluka m'fakitale. Inauluka pa 26 Okutobala 1940. Inali yosalala, yonyamula mafuta ambiri, koma injini yake ya Allison inkabanika ikakwera pamwamba kwambiri, choncho ankangoituma ntchito zam'munsi monga kujambula zithunzi. Mu 1942 Ronald Harker, woyesa ndege wa ku Rolls-Royce, ataiulutsa anapereka ganizo loti aikemo Merlin. Kampani ya Packard inali kale ikupanga Merlin ku America. Thupi la ku America ndi mtima wa ku Britain zitakumana, panabadwa ndege ina.

Kuti mumvetse kufunika kwake, onani zimene zinachitika pa 14 Okutobala 1943. Ndege za Amereka zoponya mabomba za B-17 zokwana 291 zinapita kukaphulitsa mafakitale a ku Schweinfurt ku Germany. Zoziperekeza zinabwerera panjira mafuta atachepa, ndipo Ajeremani anagwetsa 60, iliyonse ili ndi anthu 10. Maulendo olowa m'kati mwa Germany anayamba aima. Mustang ya Merlin, itapachika matanki awiri otaya pansi pa mapiko, inayamba kuperekeza chakumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo mu Malichi 1944 inaoneka pamwamba pa Berlin. Mkulu wankhondo wa Amereka Jimmy Doolittle analamula kuti operekezawo asamangomatirira ndege za mabomba, azisaka adani kulikonse, ngakhale pamabwalo awo. M'miyezi yochepa gulu lankhondo lamumlengalenga la Germany linathyoka msana, moti tsiku lowolokera ku Normandy mu Juni 1944 kumwamba kunali kwa Amereka ndi Angerezi. Kuyambira Epulo 1945 ma Mustang ankanyamukanso ku Iwo Jima kukafika ku Tokyo.

Mtundu wa P-51D unali ndi mfuti 6 zazikulu, liwiro la makilomita pafupifupi 700 pa ola, ndi chotsekera chagalasi choonetsa mbali zonse. Inali yotsika mtengo kuposa zinzake za ku America, Thunderbolt ndi Lightning, ndipo ma Mustang a mitundu yonse anapanga oposa 15,000. Ndi ndege imeneyinso imene anyamata akuda a ku America ophunzitsidwa ku Tuskegee, gulu la 332nd Fighter Group lotsogozedwa ndi Benjamin O. Davis Jr., ankaulutsa kuchokera ku Italy atapaka michira yake utoto wofiira, pa nthawi imene kwawo ankanenedwa kuti munthu wakuda sangayendetse ndege yankhondo. Pa 24 Malichi 1945 anaperekeza mpaka ku Berlin n'kugwetsa ma jeti atatu a Ajeremani a Me 262.

Chofooka chake chinali kumimba. Rediyeta inali pansi pa thupi, ndipo kachipolopolo kamodzi kakaboola paipi ya madzi, injini inkauma patangopita mphindi zochepa. Kumwamba kwambiri zimenezi sizinkavuta kwenikweni. Atayamba kuituma ntchito yomenya pansi ku Korea, zinaonekera: gulu la 2 Squadron la ku South Africa, limene linaulutsa ma Mustang kumeneko kuyambira 1950 mpaka 1952, linataya ndege zake zambiri, makamaka chifukwa cha mfuti zapansi. Spitfire inkaiposanso pokwera ndi pokhota.

Zomenya pansi: Stuka ndi Il-2

Msilikali wa m'ngalande uja mpaka pano sitinamuyankhe bwino. Iye za kuzungulirana kumitambo alibe nazo ntchito. Akufuna wina achotse kasinja kapena mzinga umene ukumuvutitsa.

Ajeremani anamuyankha ndi Junkers Ju 87, yodziwika kuti Stuka. Inkatsika pafupifupi choimirira ngati nkhwazi yaona chambo, kuloza mphuno pa chinthucho, kusiya bomba, ndipo inali ndi chipangizo choidzutsa yokha ngati woyendetsa wachita chidima m'maso. Pa nthawi imene mabomba ambiri ankagwa kutali ndi pofunika, Stuka inkatha kumenya mlatho kapena sitima. Ku miyendo yake yosapindika anamangirirako sailini yolira mochititsa nthumanzi. Pa 1 Sepitembala 1939 ma Stuka anaphulitsa tauni ya Wieluń ku Poland anthu ali m'tulo, chipatala chomwe, ndipo mu Meyi 1940 anatsegula njira pa Sedan ku France. Koma inkayenda pang'onopang'ono, osafika makilomita 400 pa ola, ndipo inkalimba mtima pokhapokha kumwamba kukakhala kopanda mdani. Pa 18 Ogasiti 1940 ma Hurricane ndi ma Spitfire anagwetsa zoposa 15 tsiku limodzi, ndipo Ajeremani anaichotsa pankhondo ya Britain.

Sergey Ilyushin wa ku Soviet Union anaganiza mosiyana. Podziwa kuti ndege youluka m'munsi idzawomberedwa basi, anapanga mbali yakutsogolo ya Il-2 ngati beseni lachitsulo lolemera makilogalamu 700 kapena kuposerapo, lokuta injini, mafuta ndi woyendetsa. Chitsulocho sichinali chovala chongowonjezera, chinali thupi lenilenilo la ndege. Zipolopolo za mfuti wamba zinkangonjanja. Inkanyamula mizinga iwiri ya mamilimita 23, maroketi ndi mabomba, ndipo kuyambira pa nkhondo ya Kursk mu Julayi 1943 inkamwaza timabomba pafupifupi 200 toboola denga la akasinja. Asilikali ankaitchula kuti ya linunda chifukwa cha maonekedwe a msana wake. Mafakitale atachedwa kuipanga chakumapeto kwa 1941, Stalin anawatumizira uthenga woopseza wakuti asilikali akuifuna ngati mpweya, ngati buledi. Anapanga zoposa 36,000, kuposa ndege yankhondo ina iliyonse m'mbiri.

Nambala imeneyo ili ndi mbali yake yachisoni: ankapanga zambiri chifukwa zinkagwanso zambiri. Zoyamba zinali za munthu mmodzi, ndipo Bf 109 inkangobwera kumbuyo n'kudula mchira wamatabwa. Chakumapeto kwa 1942 anawonjezera wowombera kumbuyo, koma iyeyo anakhala kunja kwa beseni lija, pa lamba wa nsalu, ndipo owombera ankafa ambiri kuposa oyendetsa. Inalinso yosalunjika ngati Stuka. Mphamvu yake inali kubwera mwaunyinji, kuzungulira pamwamba pa mdani ndi kubwerezabwereza.

Pakati pa ziwirizi ine ndingatenge Il-2, chifukwa inapangidwa moganizira kuti mdani nayenso amawombera. Amene akufuna ndege yochita ntchito zonse ziwiri ayang'ane P-47 Thunderbolt, chindege cha mfuti 8 ndi injini yoziziritsidwa ndi mphepo, yopanda rediyeta yoboola, chimene chinkabwerera kwawo ngakhale masilinda ena atasweka.

Tsono tisankhe iti?

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Kuika Hurricane ya 1940 pambali pa Mustang ya 1944 n'kulakwira zonse ziwiri, chifukwa zaka zinayi za nkhondo imeneyo zinasintha ndege kuposa zaka makumi awiri za mtendere. Komabe anthu anayi aja akudikira yankho.

Woyendetsa amene akuteteza mudzi wake, mdani ali pamwamba pa denga, ndingamupatse Spitfire Mk IX. Imakwera msanga, imakhota, imamukhululukira akalakwitsa, ndipo ili ndi chitsulo kumsana. Mkulu wankhondo ndingamupatse Mustang mosazengereza, ndipo mutandikakamiza kutchula ndege imodzi yokha yoposa zonse, ndi imeneyi, pa chifukwa chimodzi: inatengera nkhondo pakhomo pa mdani, pamene zinzake zinkathera mafuta panjira. Msilikali wapansi ndingamutumizire Il-2, kapena Thunderbolt ngati ilipo. Bf 109 inali chida chakuthwa m'manja mwa katswiri ndi msampha kwa wophunzira. Zero ndi Stuka zinawala chaka chimodzi kapena ziwiri, adani asanadziwe pogwira.

Makaniko ndingamusiyire Hurricane, ndipo mtima wanga nawonso uli komweko, pa chifukwa chimene chikutikhudza ife. Azigogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, ndi anzawo a Northern Rhodesia Regiment, sanamenye nkhondo pansi pa thambo la London kapena Berlin. Anali ku Moyale, ku Somaliland ndi ku Abyssinia mu 1940 ndi 1941, kumene ma Hurricane ochepa a asilikali a South Africa analimbana ndi ndege za Italy za mapiko awiri osanjikana, za Fiat CR.42. Mu 1944 anali ku Burma ndi 11th East African Division, akutsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata, m'matope ndi malungo, mpaka kufika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Kumeneko Hurricane inali itasiya kale ntchito yolimbana ndi ndege zinzake. Inkanyamula mizinga inayi ya mamilimita 20 ndi mabomba awiri, n'kumaswa malinga a Ajapani obisika m'nkhalango kutsogolo kwa asilikali oyenda pansi. Mabwalo a fumbi ndi matope amene akanathyola miyendo ya ndege zapamwamba, iyo inkaterapo. Pansi pa mphuno anaiika sefa yaikulu yoletsa mchenga kulowa mu injini, imene inkaidyera liwiro koma n'kuisunga yamoyo. Ku chipululu cha kumpoto kwa Africa mtundu wa Mk IID unkanyamula mizinga iwiri ya mamilimita 40 yoboolera akasinja, ndipo ma Hurricane pafupifupi 3,000 a mitundu yosiyanasiyana anawatumiza ku Soviet Union. Mkokomo umene msilikali wa kwathu ankamva pamwamba pa mitengo ya ku Kabaw n'kudziwa kuti thandizo lafika, nthawi zambiri unali wa ndege yansalu imeneyi.

Abale amene muli ku Johannesburg, nyumba yosungirako zida zakale ija, Ditsong National Museum of Military History, ili pafupi ndi malo osungirako nyama a mumzindawo, ndipo muli Hurricane, Spitfire, Bf 109, Focke-Wulf 190, Mosquito ndi jeti ya Me 262 ya anthu awiri yosaka usiku, imene ndi yosowa kwambiri padziko lonse. Amene muli ku Britain, RAF Museum ya ku Hendon mu London salipiritsa polowa, ndipo kuli Stuka, imodzi mwa ziwiri zokha zathunthu zimene zatsala. Ku Duxford, pafupi ndi Cambridge, kumene Spitfire inayambira ntchito mu 1938, zina zimaulukabe, ndipo Merlin mukhoza kuimva ndi makutu anu. Mukafika pa Hurricane, musathere nthawi yonse kumphuno. Zungulirani chakumchira, muyang'ane m'mbali mwa thupi pamene kuwala kukugunda, muona mizere ya timatabwa ikuonekera pansi pa nsalu.